Ufa pa Mutu wa a Yusufu

Zaka zija mawondo anga asanayambe kundikana, ndinkagwira ntchito ya keya ku Wembley, kusambitsa ndi kudyetsa okalamba m'nyumba zawo, ndipo mmodzi mwa anthu anga anali a Yusufu, bambo wa ku Palestina amene sitiroko inawaumitsa mbali ya kumanzere. Tadala mdzukulu wanga, tsitsa foniyo, nkhani ya Palestina ukuisakayo ine ndinaiona ndi maso.

Inu lero dziko lonse lili m'thumba mwanu, koma ife ku pulazi ya fodya ku Zimbabwe kumene ndinabadwira, mayina ngati Yeriko ndi Gaza tinkangowamva pa ulaliki, ndipo ine mpaka kumera ndevu ndinkayesa kuti malo amenewa ali kumwamba. Ndiye tsiku loyamba a Yusufu atandiuza kuti abale awo onse ali ku Gaza, ndinavula chipewa n'kuwapepesa maliro. Anaseka mpaka kutsamwa, ndipo ubwenzi wathu unayambira pomwepo.

Bambo amenewa sankadandaula za mwendo kapena za mankhwala. Nkhani yawo inali imodzi. Ankati, "A Phiri, ndili mwana asilikali a dziko lino la Britain ndi amene ankalamulira kwathu. Iwo anachoka, nkhondo inabwera, ife tinathawa m'mudzi, ndipo ndakalambira kuno. Ndisanafe ndikufuna ndimve ndi makutu angawa boma lino likunena kuti dziko langa lilipo." Ine ndinkangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mumtima ndinkati bambowa adzapita asanamve.

Ntchito ndinapuma, koma sindinasiye kuwayendera. Kenako nkhondo ya ku Gaza inakula, a Yusufu anayamba kukana chakudya, ndipo mwana wawo, mayi Salma, anandinong'oneza pakhomo kuti adokotala ati masiku atsala ochepa. Boma linali litanena kale kuti likuganiza zovomereza Palestina ngati dziko, ndiye zinali ngati mpikisano, kuti chiyambe kufika n'chiti, mawu a boma kapena imfa.

Lamlungu lina masana, tili mu holo yomwe ino ku Peckham titaweruka mapemphero, mafoni anayamba kulira paliponse. Boma la Britain lavomereza. Pomwepo anthu anagawikana, ena akuti uku n'kupereka mphoto kwa anthu a mfuti, ena akuti mawu okha sadyetsa munthu, koma ine za mtsutsowo sindinazimve bwino chifukwa maganizo anga onse anali pa a Yusufu. Ndinadabwa kuti chinthu chimene munthu wachidikira kuyambira ali wa kabudula mpaka kuthothoka mano chingathe kunenedwa nthawi yochepa kuposa yowiritsa tiyi.

Tsopano mverani uchitsiru wa agogo anu. Kwathu, munthu akawina mlandu kapena akapulumuka pa chinthu chachikulu, sitinkamupatsa khadi ngati muchitira inu. Tinkamuthira ufa kumutu, amayi akululutira, kuti aliyense womuona adziwe kuti uyu wayera. Ndiye ndinalowa mu shopu ya pakona, ndinagula kapaketi ka ufa woyera, ndinakwera sitima ya Overground, n'kusintha kukwera ya Jubilee, njira yonse ndikupemphera kuti ndiwapeze akupuma.

Ndinawapeza ali pa mpando wawo pafupi ndi windo, maso ali pa TV, mayi Salma atawagwira dzanja. Sindinapereke ngakhale moni. Ndinang'amba paketi, ndinatapa ufa dzanja lodzaza, n'kuwathira pamutu, wina n'kumwazikira pamapewa, pa bulangeti ndi pansi.

Mayi Salma anayang'ana ufa uli pa kapeti, ndipo anati, "A Phiri, msuweni wanga anapita kukadikira thumba la ufa ku Gaza mwezi watha, sanabwerere. Inu mukuutaya pansi?"

Ana inu, safunsa anadya phula. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Ndinagwada ndi mawondo anga oipawa n'kuyamba kuwola ufa uja ndi manja, ndikudziwa kuti ndaipitsa tsiku limene bambowa analidikira moyo wawo wonse, ndipo mwina pakhomo pano sindidzapondanso.

A Yusufu ndi amene anayankhula, pang'onopang'ono, chifukwa lilime linali litalemera. "Asiye, Salma. A Phiri, dzukani. Kwanu zimenezi zimatanthauza chiyani?"

Ndinawafotokozera kuti timathira munthu amene wawina mlandu. Anapukusa mutu, ufa n'kumagwera m'nsidze. "Mlandu sitinawine. Anthu akufabe, malire sakudziwika. Lero angovomera kuti woimba mlandu uja ndi munthu, ali ndi dzina ndi kwawo. Koma ndamva ndi makutu anga, ndipo usandipukute, Salma." Kenako anandiyang'ana n'kufunsa, "Nanga inu, anakuthiranipo ndani?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa zaka zonsezo ndinali ndisanawauze. Ndinawauza kuti bambo anga anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, anathyola fodya wa azungu mpaka msana kupindika, ndipo anaikidwa kumalire a pulazi chifukwa analibe mudzi wowalandira. Ine ndinabadwira konko, koma chitupa changa chinkati ndine mlendo, anzathu ankatinena kuti ndife anthu opanda kwawo, ndipo nditapita ku Malawi kamodzi, abale anandiseka kayankhulidwe n'kumanditchula mtchona. Palibe boma limene linaimirirapo n'kunena kuti anthu awa alipo.

A Yusufu anatambasula dzanja lawo labwino lija, anawola ufa umene unali pa bulangeti, n'kundiuza kuti ndiweramitse mutu. Anandithira padazi pangapa. Unali wochepa, wosadzaza ndi supuni yomwe, koma ndinalira ngati mwana, bambo wa zidzukulu. Mayi Salma nawo analira, kenako anatenga paketi yotsala ija n'kundifunsa kaphikidwe kake, ndipo phala limene tinaphika madzulo amenewo bambo awo anamwa masupuni angapo.

Pobwerera, anthu mu sitima ankandiyang'ana, mayi wina mpaka anandilozera kuti ndili ndi china chake kumutu. Ndinamuthokoza, koma sindinasase. A Yusufu anatisiya chaka chomwecho, masamba a mitengo asanathe kuyoyoka.

Ndiye inu amene muli ndi mapasipoti awiriawiri ndipo mumatopa ndi kudzaza mafomu, za ndale mudzatsutsana nokha, mitu muli nayo. Changa n'chochepa. Mukafuna kusangalalira mnzanu, yambani mwafunsa chimene chikumupweteka, musachite ngati ine. Ndipo munthu akakuuzani kwawo, ngakhale dzikolo simukuliona pa mapu anu, litchuleni mmene walitchulira iye, chifukwa mwina wadikira zaka zambiri kuti alimve pakamwa pa munthu wina.