Mwamuonako Mkazi Wanga?

Olemekezeka wapampando wa bungwe loyendetsa chipatala chino, olemekezeka mkulu wa madokotala, anamwino ndi alangizi amene mudzagwire ntchito m'chipinda chatsopanochi, inu akufuna kwabwino amene munathandiza kuti makoma awa aime, achibale amene mwabwera mutagwira odwala anu padzanja, ndi inu makolo athu amene mwambo uno ndi wanu, ndakulonjerani nonse.

Pondiitana munati mukufuna mphunzitsi wopuma ntchito amene wakhala akuyankhulira odwala matenda oiwala. Ulemuwo ndaulandira ndi manja awiri, koma mundilole ndiyankhule ngati mayi wamasiye.

Amuna anga anali kalipentala. Anali munthu woti akayang'ana chitseko kamodzi, muyeso wake ankapita nawo kushedi uli m'mutu. Matenda anabwera mwakachetechete. Ankafunafuna pensulo ili kukhutu, ife n'kumaseka. Kenako anakhoma mpando wa miyendo itatu n'kunena kuti watha. Kenako anasochera pamsewu wathu womwe, buledi ali m'manja, mpaka wogulitsa nyuzipepala anachita kudzawasiya pakhomo. Achibale ena ankati ndi ukalamba chabe, ena ankanong'ona zina zimene sindingazibwereze pano.

Tsiku lina masana ndikuyanika zovala, anandiyandikira, navula chipewa.

"Zikomo mayi, mwamuonako mkazi wanga? Ndi mphunzitsi, wamfupi, amayenda mothamanga."

Ndinati, "Bambo a ana, si ine ndemwe?"

Anandiyang'ana mwaulemu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ayi mayi, musatero. Wangayo ndi mtsikana."

Sekani, musaope. Inenso ndinaseka, kenako ndinakalirira kuseri kwa bulangete limene ndinali nditangoyanika.

Amene anatithandiza anali mlangizi wina wa kuchipatala, mayi wosapupuluma. Anandiuza kuti, "Musamawafunse kuti ndine yani. Funso limenelo kwa iwo ndi mayeso, ndipo tsiku lililonse amalephera." Anamata zithunzi pazitseko, kapu pachitseko cha khitchini, bedi pachitseko cha kuchipinda. Anati kusamba, kudya ndi kuyenda zizichitika pa nthawi yomweyomweyo. Sowo ndi hamala tinabisa, koma iye anawapatsa thabwa ndi sandipepa, nati, "Mutu ukamaiwala, manja amachedwa kuiwala."

Amuna anga, amene anali atasiya kuyankhula zomveka, anasisita thabwalo, nalinunkhiza, n'kuti, "Thabwa ili silinaume. Wakugulitsani ndani?"

Kuyambira pamenepo anayambanso kupita okha kubafa, anayambanso kugwira supuni, ndipo dzina la mwana wathu wamkazi linkabwera n'kumapita ngati mlendo. Koma ine sanandikumbukirenso. Ndinkakhala nawo pakhonde nditagwira mbali ina ya thabwa, iwo n'kumandidzudzula kuti ndikugwedeza. Tsiku lina anaimitsa dzanja.

"Mayi inu ndinu abwino mtima. Ndikanapanda kukwatira, bwenzi nditakufunsirani."

Ndinati, "Nanga akazi anuwo ali kuti?"

"Ali kusukulu. Abwera posachedwa."

Anamwalira akudikirabe kuti mkazi wawo aweruke, ine nditawagwira dzanja.

Choncho sindikunamizani, abale anga. Chipinda chino sichidzabweza zonse zimene matendawa alanda, ndipo ena mwa inu mudzalowa muno ndi chiyembekezo n'kutuluka ndi misozi. Koma muno muli matebulo otakasuka, zithunzi, nyimbo, ulusi, matabwa ndi anthu oleza mtima. Muno bambo adzaphunziranso kumanga mabatani a malaya ake, mayi adzapezanso njira ya kukhitchini kwake, ndipo wosamalira wodwala, amene sagona tulo ndipo palibe amamufunsa kuti wadzuka bwanji, adzapeza mpando ndi munthu womumvetsera. Zimenezi zimaoneka zazing'ono kwa amene sanadwazikepo, koma ife tikudziwa kuti ulemu wa munthu umakhala mmenemo.

Anamwino ndi alangizi, funso limodzi mudzaliyankha kambirimbiri pa tsiku. Chonde, nthawi iliyonse muziliyankha ngati mukulimva koyamba, pakuti wofunsayo akulifunsa koyamba.

Ndikuona agogo ena kumbuyoko aimirira kale, akufunsa mwana wawo kuti tabwera kudzatani kuno. Ali ndi ufulu wofunsa, ndipo tisawadikiritse. Mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda chothandizira odwala matenda oiwala chatsegulidwa tsopano. Agogo, bwerani, muyambe ndinu kulowa.

Zikomo kwambiri.