Apongozi Kutsogolo, Mkamwana Kumchira

Nditachapa matewera ndi kutunga madzi, ndinabereka mwana n'kukaima pamzere pachigayo ku Lufita. Patsogolo panga bambo wina anakumbatira kandege koyera koulutsa ndi rimoti, ndipo mayi wina wa Chichewa cha kummwera anamuyamba.

"Bambo, ndegeyo mugayitsa mgaiwa kapena woyera?"

"Yewo mama, musaseke. Mawa iyenera kuuluka akazi anga akuona. Ikakana, ine ndizigona kukhitchini."

"Munawalakwira chiyani?"

"Ndinaisema kuchokera ku kulabokosi yawo yogulitsira mafirizesi."

"Kalanga ine! Taiikani pa zala ziwiri, kunsi kwa mapiko. Mwaona? Ikugwera kumchira, singauluke chonchi. Mwaikamo chiyani?"

"Mapasenjala adothi. Kutsogoloku ndi bambo anga. Onenepa ali kumchirawa ndi akazi anga."

"Asunthireni kutsogolo akazi anuwo."

"Pafupi ndi apongozi awo? Kuno kwathu mkamwana, mkazi wa mwana wawo, sayandikira apongozi aamuna, mama. Ndi mwiko."

"Ndi dothi ilo, bambo!"

"Dothi lake lawafanana kwambiri."

"Ndiye atsitseni."

"Nditsitse eni ake ndege?"

"Basi, anenepe bambo anuwo. Amateni dothi pamimba mpaka mphuno ya ndege itsike pang'ono."

"Mdala woonda ngati bango uja? Koma mwaganiza bwino, akondwa. Sananenepepo chibadwire."

"Nanga zonsezi zakudyerani zingati?"

"Kulabokosi imodzi, batire la foni, utoto wa chitseko, ndi masabata atatu akazi anga osandiyankhula. Dothi lokha ndiye laulere."