Madilamu Abuluu a ku Kacholola

Omvela anzanga, ndine mayi wa ku Kacholola. Madalaivala a malole ochokela kunja ankanditsitsila madilamu abuluu omwe munali mankhwala a m'mafakitale. Ndinkawatsuka ndi phulusa, kuwayanika padzuwa masiku atatu, kenako n'kugulitsa kwa anthu kuti azisungilamo madzi.

Mlamu wanga anatenga limodzi. Patangopita sabata, ana ake awili anagonekedwa kuchipatala ku Minga, akusanza. Anachila, koma mayi wawo, mlamu wangayo, anandifunsa modekha kuti, "Alamu, nanga inu madzi akumwa mumasunga muti?" Ndinangoyang'ana pansi, poti anga amakhala mumtsuko.

Madilamu otsala ali kuseli kwa nyumba. Kugulitsa sindingathe, kokataya sindikudziwa, ndatopa nawo. Eni ake a m'mafakitale aja anapeza kale dzala, ndipo dzalalo ndi pakhomo panga.