Matayala Akumbuyo Anakana Kuzungulira

Aulutsi, ingowerengani kalatayi pa wailesi, chisoni cha munthu sindikuchifuna. Sukulu ndinasiyira Fomu 2, n'kuyamba kuyendetsa kaminibasi kokalamba ka amalume. Tsiku lina nditachoka m'matope a ku Chilwa, ndinakoka handibuleki n'kukaimika sabata yathunthu.

Mayi atadwala mwadzidzidzi, ndinathamangira kaminibasi kaja; injini inalira koma matayala akumbuyo anakana kuzungulira. Dzimbiri linali litamatiriza mabuleki ku dramu, chitsulo cha m'kati mwa tayala. Ndinaimenya ndi hamala mpaka manja anga kuchucha magazi.

"Iwe, galimoto yonyowa amaiikira mwala kutayala, sakoka handibuleki!" anakuwa amalume. Zaka zonsezi anali asanandiuzepo.

Mayi tinawakweza pa kabaza. Anamwalirira panjira, tisanafike kuchipatala cha pa Boma. Dramuyo inamasuka mawa lake, ndipo ulendo woyamba wa kaminibasiko unali wokatenga bokosi la maliro.