Kambedza kamene ndidachotsa m'dzina la mdzukulu wanga

Abale ndi alongo mwa Khristu, a kuno kwa Mwambo ndi ena nonse amene mawu ano akupezani, mtendere ukhale m'makomo mwanu. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ndidaphunzitsa Chichewa zaka zambiri m'sukulu za m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Umboni wanga si wa nthenda kapena wa njala. Ndi wa chaka chathunthu chimene mdzukulu wanga adakhala pakhomo atakhoza bwino mayeso a Fomu 4, ndiponso wa munthu amene adamkhazika pakhomopo.

Mdzukuluyo ndi Esinati, wobadwa kwa mwana wanga wamkazi. Bambo ake ndi msodzi wa matemba ku Kachulu, Mlomwe amene makolo ake adachokera ku Mozambiki, ndipo sadapondeko m'kalasi. Ndiyenera kuvomera kuti ukwati umenewo sindidaukonde. Mkamwini wangayo akabwera kudzandilonjera ankanjuta patali mwaulemu, ine n'kumamuyankha maso ali panyuzipepala. Esinati atayamba Fomu 1 ndidamtenga kuti azikhala kwanga, ndipo ndinkauza anthu poyera kuti ndamchotsa ku fungo la nsomba.

Chaka cha mayeso, ana asanu a Fomu 4 ankasonkhana pakhonde panga masana aliwonse akaweruka. Onse ankadziwa kuti malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ndipo kuti kukhoza pakokha sikukwanira, pakuti amasankha amene mapointi awo ndi otsika kwambiri. Motero ankaphunzira pamodzi koma akuyang'anana ngati atambala. Wina akapeza mapepala a mayeso akale ankawabisa m'malaya. Ine motowo ndinkaukolezera. Ndinkasankha chimangirizo chimene chalakwika kwambiri ndi kuchiwerenga mokweza kuti ena aseke, ndipo ndinkati kumeneko ndiko kunola ana. Madalo, mnzake wa Esinati, adalira kawiri pakhonde limenelo chifukwa cha cholembera changa chofiira.

Zotsatira zitatuluka, Esinati adapeza mapointi khumi ndi imodzi, Madalo khumi ndi asanu ndi anayi. Ndidayenda m'mudzi monse khosi lili m'mwamba.

Nthawi yofunsira malo itakwana, sindidalole kuti Esinati alembe yekha fomu, chifukwa ndidati dzanja lake ndi lothamanga. Nditafika pa mzere wa dzina la bambo, ndidaona kuti pa kalata ya zotsatira padalembedwa kuti Mukhara. Tsono lamulo la kalembedwe ka Chichewa ndi lodziwika: lembo la r limadza pambuyo pa e kapena i, monga m'mawu akuti kulera ndi kulira, koma pambuyo pa a, o ndi u timalemba l. Lamulo limeneli ndidaliphunzitsa moyo wanga wonse, ndipo ana ambiri adalawa chikoti chifukwa cha ilo. Choncho ndidapukusa mutu podandaula za alembi a masiku ano, n'kulemba mosamala kuti Mukhala. Sindidauze munthu aliyense, chifukwa m'maganizo mwanga sindidasinthe kanthu, ndidangokonza. Ndidakajambulitsa fomuyo ku Zomba, ndidasunga pepala lojambulalo, ndipo inayo ndidatumiza.

Mayina a osankhidwa atatuluka, la Madalo lidalipo. La Esinati lidasowa. Mwanayo adayang'ana mndandandawo katatu pa foni ya aphunzitsi ake, kenaka adabwera kunyumba n'kukhala pansi. Apa ndi pamene ndidachimwa tchimo loposa loyamba lija. M'malo momtonthoza, ndidamuuza kuti ayenera kuti adalakwitsa penapake, ndipo ndidawonjeza kuti magazi sanama, mwana wa msodzi amabwerera ku nsomba. Tsiku lomwelo adamanga zovala zake m'chitenje n'kupita kwa makolo ake ku Kachulu.

Kumeneko adayamba kuthandiza amayi ake kuyanika matemba, ndipo anthu sadamchitire chifundo. Amayi a padoko ankamuitana kuti "a yunivesite", n'kumamuuza kuti atembenuze nsombazo ndi mapointi akewo. Ena ankati palibe chodabwitsa, popeza dzina lenilenilo likunena kale kuti mukhala, ndiye wakhaladi. Madalo, ponyamuka ulendo wa kusukulu, adadutsa pathandala pamene Esinati ankayanika, ndipo adamuuza kuti akapemphe agogo ake amchongere ndi chofiira chija, mwina malo apezeka. Mawuwo adandifika, ndipo ndidadziwa kuti mbewu imeneyo ndidaifesa ndine pakhonde panga.

Komabe mlandu ndinkaufuna kwina. Kutchalitchi ndinkanong'oneza anzanga kuti pali wina wanjiru amene watseka njira ya mwanayo, ndipo maso anga ankaloza kuchimuna kwake. Miyezi yonseyo pemphero langa lidali limodzi: ndinkapempha Mulungu kuti munthu amene wachita zimenezi amuonetse poyera ndi kumchititsa manyazi pamaso pa anthu.

M'kati mwa chakacho, wamalonda wina wa nsomba wochokera ku Limbe, munthu wamkulu wokhala ndi mkazi kale, adayamba kumfunsira Esinati. Amayi a Esinati, atatopa ndi chipongwe cha padoko, adayamba kufewa. Nthawi yofunsira malo itafikanso, Esinati adakana kulemba, nati amene adakana mapointi ake chaka chatha alibe chifukwa chowalandirira chaka chino. Ndidamva kuti ankhoswe apangana kale tsiku. Ndidaona kuti mwanayo watayika, ndipo kudya kudandikanika.

Kutatsala masiku asanu kuti atseke kulandira mafomu, mkamwini wanga adabwera m'mawa pa njinga. Adanjuta patali monga mwa nthawi zonse, napempha kuti aone pepala limene lidatumizidwa chaka chatha. Ndidaseka, n'kumfunsa kuti aliwerenga ndi chiyani, koma ndidampatsa kuti achite manyazi. Iye adatulutsa m'kajumbo khadi la ubatizo la Esinati, naika mapepala awiriwo pabondo, nayendetsa chala pang'onopang'ono.

"Apongozi, kuwerenga sindidziwa, zimenezo mukuzidziwa kale," adatero. "Koma dzina langa ndimalidziwa nkhope yake. Chakumapeto kuno pamakhala kambedza kakafupi kopinda mutu. Pa pepala lanuli paima nsungwi. Kambedza kanga kapita kuti?"

Ndidayamba kumfotokozera lamulo lija monga ndinkachitira m'kalasi. Adandimvetsera mpaka nditamaliza, maso ali pansi.

"Lamulolo ndi la Chichewa, bambo," adayankha. "Dzinali si la Chichewa. Agogo anga adalisenza kuchokera kutsidya kwa nyanjayi, ndipo silidapemphe munthu kuti alikonze."

Masana omwewo ndidapita kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ya Esinati, ndipo ataona mapepala onse adati fomu imene dzina lake likusiyana ndi la pa zotsatira ikhoza kuikidwa pambali. Pobwerera ndidakankha njinga njira yonse. Mulungu adali atayankha pemphero langa ndendende monga ndidapemphera. Munthu uja adamuonetsa poyera, ndipo chotsala chidali manyazi pamaso pa anthu.

M'mawa mwake ndidapita ku Kachulu, ndipo ndidaima pathandala pamene amayi onse aja adali. Ndidanena mokweza kuti Esinati sadalephere, kuti palibe adamlodza, ndipo kuti dzanja limene lidamtsekera njira ndi langa. Amayiwo adaseka mpaka ena kugwira m'mimba, nati aphunzitsi a Chichewa alephera kulemba dzina. Esinati yekha sadaseke. Adapukuta manja pachitenje n'kundiyang'ana.

"Ndiye chaka chonsechi ndakhala chifukwa cha lembo limodzi," adatero motsitsa mawu. "Nanga magazi osanama aja, agogo, adali a ndani?"

Tsiku lomwelo Esinati adavomera kulembanso. Fomuyo adalemba yekha, bambo ake atakhala pambali pake kudikira kuti aone kambedza kawo, ine nditaima panja. Wamalonda uja adabwezedwa ndi bambo a Esinati, amene adauza ankhoswe kuti mwana wawo ali ndi ulendo wina. Tidadikira miyezi ingapo, ndipo pemphero langa lidali litasintha, pakuti tsopano ndinkangopempha kuti mwana asalangidwe kawiri chifukwa cha kunyada kwa nkhalamba. Mayina atatuluka, la Esinati Mukhara lidalipo, pa maphunziro a unamwino amene ankafuna.

Ndikuthokoza Mulungu amene adadutsa ophunzira tonse n'kutuma munthu wosadziwa kuwerenga kuti adzawerenge chimene ine ndidalephera kuona. Chaka chimene mwanayo adataya sindingathe kumbwezera, ndipo chiyambire tsiku lija sadagonenso m'nyumba mwanga. Inu ana amene mukukonzekera mayeso, ndi inu amene mayina anu sadatuluke, musafulumire kudziyesa olephera, ndipo musataye makope anu. Funsani, onaninso mapepala anu, lembaninso, ndipo musaleke kupemphera. Inu makolo ndi aphunzitsi anzanga, dzina la munthu lilembeni monga mwini wake amalilembera.

Sabata yatha Esinati adanditumizira uthenga wa pafoni, woyamba chichokere kwanga. Adalemba kuti: "Agogo ndafika bwino, muzindipemphelela." M'mawu otsirizawo muli l kawiri pamene pafunika r. Ndawawerenga kambirimbiri, ndawasiya momwemo, ndipo ndikuchita zimene akunena. Ambuye alemekezeke.