Matayala a pa Chandamale Chachitatu

Ine, Fawwaz Dakhlallah, wa zaka 54, wa m'mudzi wa Umm Qseir kufupi ndi Madaba, wogulitsa matayala a galimoto, amene anzanga amanditchula kuti Abu Saif, ndikunena izi.

Ndine membala wa kalabu yowombera mfuti ya kwathu, ndipo anzanga anandisankha kuti ndiziyang'anira zitsulo zimene timawombera. Wapampando wathu ndi a Ghazi Mufleh, amene tonse timawatchula kuti Abu Laith. Iwowa ndi alamu anga, ndinakwatira mlongo wawo. Wosamalira bwalo ndi Subhi wa ku Ejipito, yemwe mwamusunga m'chitokosi muno.

Chandamale chilichonse ndi mbale yachitsulo yolendewera pa matcheni, yoweramira kutsogolo kuti chipolopolo chikagunda chizilowa m'dothi. Miyendo yake ndi ya chitsulo wamba, ndiye timaibisa kuseri kwa matayala akale odzaza mchenga. Matayalawo amachokera kushopu kwanga. Lamulo lina ndi lakuti munthu asanawombere, Subhi amayendetsa maginito pa zipolopolo zake. Zikamata ndiye kuti mkati muli chitsulo cholimba, ndipo sitizilola chifukwa zimaboola tayala, mchenga ndi mwendo womwe.

Lachinayi masana kunabwera Hajj Mutlaq, malume awo a Abu Laith, ndi ana awo aamuna awiri. Wamng'onoyo akukwatira sabata ino. Anabwera ndi mfuti zawo komanso bokosi lobiriwira lopanda malemba. Subhi atafika ndi maginito, mwana wamkulu anaponda bokosilo ndi phazi n'kumamuyang'ana.

Tinakhala pamthunzi ndipo Abu Laith anathirira alendowo khofi. Hajj analandira kapu n'kuiika pansi osalawa. Tonse tinayang'ana kapuyo, pajatu mlendo akatero samwa mpaka chimene wabwerera chitatheka, ndipo khofi akazizirira pamenepo manyazi ndi a mwini malo. Mawu awo ndikuwakumbukira bwino. Anati: "Mwana wa mlongo wanga, ndakalamba chonchi kuti wantchito wako azindipisa m'matumba ngati mbala?"

Abu Laith anayankha kuti: "Imwani khofi wanu, malume. Zatheka."

Subhi ananong'oneza Abu Laith kuti amulole ayese ngakhale chipolopolo chimodzi chokha, koma iwo anamuuza kuti apite akathirire mitengo ya azitona. Ine ndinazisiya choncho. Mawu anali atatuluka kale pamaso pa alendo, ndipo mlamu sangawabweze.

Anyamatawo anawombera pa chandamale chachitatu mpaka bokosi linatha, ndipo zipolopolo zawo zambiri zinkapita m'munsi, m'matayala. Ndinachoka dzuwa lisanalowe. Matayala a pa chandamale chimenecho analipo onse.

Lachisanu m'mawa ndinapeza mayi Rana Qaqish, ogulitsa mankhwala m'tauni, akuwombera pa chandamale chomwecho atayima pa mamita 25. Subhi anali atayesa zipolopolo zawo ine ndikuona. Atawombera kangapo, mwendo wakumanzere wa chandamalecho unakhota ndipo mbale ija inadzuka, inasiya kuweramira kutsogolo. Mayiwo anali atawombera kale kachiwiri. Kachidutswa ka chipolopolo kanabwerera n'kuwalasa m'munsi mwa diso. Ndinathamangira kuchandamale kukaona chimene chachitika. Matayala anali pamalo pake, obookabooka, mchenga ukutuluka ngati mpunga m'thumba lodyedwa ndi makoswe.

Ndinawatengera mayiwo kuchipatala pa galimoto yanga. Subhi anakhala nawo kumbuyo atawagwirira thawulo kumaso, ndipo sanachoke pamaso panga mpaka titabwerera pabwalo mapemphero a Lachisanu a kumzikiti atatha. Izi mulembe bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Titafika tinapeza apolisi anu ndi Abu Laith. Pa chandamale chachitatu panalibe tayala ngakhale limodzi. Pansi panali posesa, posesa bwino kwambiri kuposa mmene Subhi amasesera, ndipo Subhi ndi waukhondo. Abu Laith ankauza apolisiwo kuti wantchito wawo ndi waulesi, anachotsa matayala poyeretsa n'kuiwala kuwabwezeretsa, ndiye miyendo inakhala pamtetete mpaka umodzi kukhota. Za alendo a dzulo lake sanatchule. Subhi anatsegula pakamwa koma wapolisi anamuuza kuti akalankhula kutsogolo.

Makiyi a pageti ali ndi anthu atatu: ine, Subhi ndi wapampando. Awiri tinali kuchipatala. Sindinaone munthu akunyamula matayalawo, ndipo sindinena kuti ndinaona. Koma mkanjo woyera wa Abu Laith, womwe amavala popita kumzikiti, unali ndi mzere wakuda pabondo. Ndagulitsa matayala moyo wanga wonse. Mkazi wanga wakhala akundidandaulira za mzere wotere kuyambira pamene tinakwatirana.

Madzulo ndinawafunsa alamu anga kumene kwapita matayala anga. Anaseka n'kunena kuti kodi ndayamba kulira matayala akutha ngati ndi ana anga, andigulira ena. Ndinawauza kuti sindikufuna ena, ndikufuna omwewo. Anati mutu ukuwapweteka, tikambirana mawa. Mawa lakelo foni yawo inali yotseka tsiku lonse, koma galimoto yawo ndinaiona pakhomo pa Hajj Mutlaq.

Lero m'mawa anandiimbira okha kuti tikumane pabwalo. Ndinapeza atamasula kale chandamale chija. Anati chikuipitsa malo ndiponso chikukumbutsa anthu zoipa, ndikachitaye kwa ogula zitsulo zakale ku Sahab. Ndinafunsa kuti nanga Subhi zimuthera bwanji. Anandigwira paphewa n'kunena kuti:

"Abu Saif, m'bale wanga, ameneyo angomubweza kwawo basi. Ndimuikira kangachepe m'thumba. Malume ndi okalamba, ukwati ndi Lachinayi. Ukufuna mlongo wanga akalowe ndi nkhope yanji pamenepo?"

Ndinati ndamva. Tinanyamulira limodzi chitsulocho n'kuchikweza m'galimoto yanga. Pokweza ndinayang'ana mwendo wokhotawo. Uli ndi mabowo ozungulira bwino otulukira mbali ina, zimene zipolopolo zathu sizingachite. Ndinapisa chala m'bowo limodzi, chinatuluka ndi tizidutswa takuda ta tayala. Abu Laith anaona, ndipo anayang'ana kumbali.

Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Subhi ali ndi ana anayi kwawo ku Sohag amene amadya thukuta lake. Mayi Rana madokotala sanawauzebe ngati disolo lidzaonenso. Tsiku lija Subhi ndi yekhayo amene anayesa kukana, ife eni kalabu titakhala duu.

Abu Laith ananditsatira pambuyo mpaka pa mphambano ya msewu wa ku Sahab, kenako anandiimbira belu n'kukhota. Ine ndinapitirira pang'ono n'kutembenuka. Chandamalecho chili panja pa geti lanu, m'galimoto yoyera, ndachifunditsa lona. Tumizani munthu akachitsitse ine ndilipo, ndipo asachitsuke. Chiyambireni kulankhula nanu mkazi wanga wakhala akundiimbira foni. Ndimuyankha mukamutulutsa Subhi.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Wosayina: Fawwaz Dakhlallah