Chipewa chimene chinagwera m'nyanja

Inu awailesi, ndiwerengereni nkhani yangayi, koma dzina langa musatchule.

Ndimaphunzitsa pasukulu ya mkombaphala kuno ku Chintheche. Lachisanu lililonse ana amabweretsa kanthu ka kunyumba n'kufotokozera anzawo. Ena amabwera ndi chigoba cha nkhono, ena galimoto yamawaya.

Sabata yatha kamtsikana kena kanatulutsa chipewa chofiira choluka. Chipewacho ndinaluka ndine, choti amuna anga azivala kokapha usipa, ndipo iwo anandiuza kuti chinagwera m'nyanja cha ku Bandawe.

"Wachitenga kuti, mwanawe?" ndinafunsa uku ndikumwetulira mokakamiza.

"N'cha ankolo, madamu. Amabwera kudzadya kondowole kwathu, poti adadi ali ku Joni."

Anzake anawomba m'manja monga ndinawaphunzitsira. Nanenso ndinawomba.

Mwina mafunde anachilavula, wina n'kutola. Ndimangodziuza choncho. Kunyumba sindinafunse kanthu, pakuti wamkulu amadziwa kukana.

Dzulo amuna angawo anabwera akudandaula kuti tochi yawo yagweranso m'nyanja. Ine ndinangoti pepani. Lachisanu likubwerali, woyamba kuimirira kutsogolo adzakhala kamtsikana komweko.